MAWU A SAYANSI YA ZAKUTHAMBO M'CHICHEWA: PHUNZIRO LA PA 3C 273

1.0 Mawu Oyamba

M'chaka cha 2016 gulu la akatswiri a zakuthambo lotsogozedwa ndi Yuri Kovalev wa ku Russia lidafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa chinthu china cha kuthambo chotchedwa 3C 273. Akatswiriwo adalumikiza telesikopu imene inkazungulira dziko lapansi ndi matelesikopu ena akuluakulu a pansi pano, ndipo adatha kupima timagawo ting'onoting'ono ta pakati pa chinthucho timene galasi lililonse silikadatha kutionetsa. Adapezanso kuti pakatipo pamawala mopitirira malire amene akatswiri anzawo adawerengera m'chaka cha 1969.

Nkhani yotere ikafika pa tebulo la mkonzi wa nyuzipepala, la wolemba mabuku a sukulu kapena la woulutsa mawu, imafika m'Chingerezi ndipo imafuna kumasuliridwa mwachangu. Womasulira wopanikizika ndi nthawi ali ndi pothawira patatu: kumasulira liwu ndi liwu, kusiya mawu a Chingerezi monga alili, kapena kupeka liwu lalitali lokoma m'khutu. Nkhani ino ikuyesa njira zitatuzo pa mawu enieni a kafukufuku wa 3C 273. Mfundo yake ndi yakuti Chichewa cha sayansi chimalumala makamaka pamene liwu lamasuliridwa chinthu chimene likuimira chisadamveke. Liwu lolakwika likalowa m'buku la sukulu limakhala m'mitu ya ophunzira zaka zambiri, ndipo kulizula kumavuta kuposa kulidzala.

2.0 Chinthucho ndi Dzina Lake

Dzina lakuti 3C 273 ndi nambala ya m'kaundula. Mu 1959 akatswiri a ku Cambridge ku England adasindikiza kaundula wawo wachitatu wa malo a kuthambo amene amatulutsa mafunde a wayilesi, ndipo chinthu ichi chidali cha nambala 273. Dzina lotere silimasuliridwa. Lilembedwe monga lilili, lembo la C likhale lalikulu. Panthawiyo chimene chinkatulutsa mafundewo sichinkadziwika, popeza matelesikopu a masiku amenewo sankatha kuloza malo ake molunjika. Mu 1962 Cyril Hazard ndi anzake, pogwiritsa ntchito dishi ya mamita 64 ya ku Parkes ku Australia, adadikira nthawi imene mwezi unkadutsa kutsogolo kwa chinthucho. Poona mphindi imene mafunde adazimirira ndi imene adabwereranso, adawerengera malo ake enieni. Pamalopo padali kanthu kooneka ngati nyenyezi yosawala kwambiri, kokhala ndi kamzere kowala pambali pake. Maarten Schmidt, mbadwa ya ku Netherlands, adapima kuwala kwa kanthuko ndi telesikopu ya mamita 5 ya pa phiri la Palomar ku California, ndipo mu Febuluwale 1963 adazindikira kuti mizere ya mpweya wa haidirojeni idali itasunthira ku mbali yofiira ndi pafupifupi 16 peresenti. Kusuntha kotero kudasonyeza kuti chinthucho chili kunja kwenikweni kwa Mlalang'amba, ndi kuti chimawala kuposa milalang'amba yambiri kuiphatikiza pamodzi.

Poyamba zinthu za mtunduwu zinkatchedwa "quasi-stellar radio sources", kutanthauza magwero a mafunde a wayilesi ooneka ngati nyenyezi. Mu 1964 Hong-Yee Chiu adafupikitsa mawuwo nakhala "quasar". Liwu limeneli silingalowe m'Chichewa monga lilili, chifukwa lembo la q mulibe m'kalembedwe ka Chichewa, ndiponso phatikizo la Chichewa silithera lembo lopanda liwu. Wotsatira katchulidwe ka Chingerezi angalembe "kweza", koma ameneyu ndi mneni wodziwika kale, ndipo chiganizo chakuti "akatswiri aona kweza" chingangoseketsa. Wotsatira malembo angalembe "kwasala", koma nalo likumveka ngati mneni wochokera ku "kusala". Liwu lakuti "kwezala" likupewa zonse ziwiri: likusunga katchulidwe, likuthera lembo la liwu, ndipo likumvera lamulo lakuti patsogolo pa a palembedwe l. Pa migwirizano litsate mayina obwereka anzake monga "galimoto" ndi "wayilesi": kwezala iyi, makwezala awa.

Okonda kupeka mawu angafune liwu ngati "chinganyenyezi". Kapangidwe kake n'kabwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kwezala si nyenyezi, komanso mwa makwezala khumi aliwonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imatulutsa mafunde a wayilesi amphamvu. Dzina la Chingerezi lija lidasunga kusadziwa kwa m'zaka zoyambirira, ndipo kulimasulira mokhulupirika n'kusamutsira kusadziwako m'Chichewa. Pano liwu lobwereka lili ndi ubwino wakuti silinena kanthu pa lokha, choncho wophunzira amayembekezera tanthauzo kuchokera kwa mphunzitsi.

3.0 Wayilesi Imene Simveka

Liwu lakuti "wayilesi" n'lokhazikika, koma kwa anthu ambiri limatanthauza zinthu ziwiri: kabokosi kolandirira mawu ndi nyumba youlutsira mawu. Womasulira akalemba kuti akatswiri "amvera kwezala pa wayilesi", kapena kuti "kwezala ikutumiza uthenga", wowerenga amaganiza za phokoso ndi za wina woyankhula kuthamboko. Zimenezi n'zosokeretsa. Mafunde a wayilesi ndi a mtundu umodzi ndi kuwala. Amayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo amadutsa m'malo opanda mpweya mmene phokoso silingadutse. Amasiyana ndi kuwala kooneka pa utali wa funde lililonse. Funde la kuwala kumene diso limaona ndi pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, pamene gulu la Kovalev lidagwiritsa ntchito mafunde a masentimita 18, 6 ndi 1.3. Kuti kuthambo kumachokera mafunde otere kudadziwika kumayambiriro a zaka za m'ma 1930, pamene Karl Jansky wa ku America ankafufuza chimene chinkasokoneza mauthenga a lamya za wayilesi.

Choncho liwu lakuti "wayilesi" lisaime palokha m'nkhani zotere. Lilembedwe "mafunde a wayilesi", ndipo pamene latchulidwa koyamba pakhale chiganizo chonena kuti ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Aneni oyenera ndi "kulandira", "kupima" ndi "kujambula". Mneni wakuti "kumva" asalowemo. Mkonzi akumbukirenso kuti mitundu yofiira kapena yachikasu ya pa zithunzi za kafukufukuyu imaikidwa ndi kompyuta posonyeza pamene mafunde ali amphamvu, kotero mawu a pansi pa chithunzi asanene kuti kwezala ndi yofiira.

Chida cholandirira mafundewa chimaoneka ngati mbale yaikulu. Koma "mbale" ndi yodyera ndipo "chimbale" ndi cha nyimbo. Anthu ali kale ndi liwu lakuti "dishi", limene adalidziwira pa madishi a kanema a pa madenga, ndipo chidacho chimagwiradi ntchito mofanana nawo: chimasonkhanitsa mafunde n'kuwalunjikitsa pamalo amodzi. Liwu limene anthu adalilandira kale lisakanidwe popanda chifukwa.

4.0 Liwu Lovuta Kuposa Onse

Mtima wa kafukufuku wa 2016 uli pa mawu akuti "high resolution". Womasulira liwu ndi liwu akatsegula mtanthauziramawu amapeza kuti loyambalo ndi "-apamwamba" ndipo lachiwirilo ndi mfundo yomangidwa pamsonkhano, ndiye amasokera nthawi yomweyo. Wochenjera pang'ono amalemba "zithunzi zooneka bwino" kapena "makina okulitsa zinthu". Mawu oyambawo sanama, koma sanena kanthu, pakuti chithunzi cha ukwati nachonso chimaoneka bwino. Achiwiriwo ngolakwika, chifukwa chithunzi chachimbuuzi chikakulitsidwa chimakhalabe chachimbuuzi.

Tanthauzo lenileni lili m'chinthu chimene aliyense adachionapo. Galimoto ikamabwera usiku ili kutali, nyali zake ziwiri zimaoneka ngati nyali imodzi, mwakuti munthu angaganize kuti ndi njinga yamoto. Ikayandikira, nyaliyo imagawikana n'kukhala ziwiri. Munthu wa maso akuthwa amaziona ziwiri galimoto ikadali kutali, mnzake akuonabe imodzi. Mphamvu yoona zinthu ziwiri zoyandikana monga ziwiri ndiyo imene liwu la Chingerezi lija likunena.

Chichewa chili ndi aneni atatu oyandikira ganizoli. "Kusiyanitsa" kumakhudza mtundu kapena khalidwe la zinthu, monga kusiyanitsa mapira ndi mawere. "Kupatula" n'kuchotsa chimodzi pa zinzake n'kuchiika padera. "Kulekanitsa" kumakhudza mpata wa pakati pa zinthu ziwiri, ndipo ndiye mneni woyenera pano. Kuchokera pa tsinde lake pangapangidwe mawu awiri: "mphamvu yolekanitsa", ponena za chida, ndi "kalekanitsidwe", ponena za muyeso, potsata kapangidwe ka "kalembedwe" ndi "katchulidwe". Mfotokozi wakuti "-apamwamba" apewedwe, chifukwa pa muyeso umenewu nambala ikachepa ndiye kuti chida n'champhamvu. Wophunzira amene wauzidwa za "kalekanitsidwe kapamwamba" amayembekezera nambala yaikulu, ndipo akaona yaing'ono amaganiza kuti buku lalakwitsa. "Kalekanitsidwe kakuthwa" kalibe vuto limeneli.

Muyeso wake ndi ngodya. Bwalo lathunthu lili ndi madigiri 360, digiri imodzi ili ndi mphindi 60, ndipo mphindi imodzi ili ndi masekondi 60. Mawu onse atatuwa ali ndi matanthauzo ena m'Chichewa: digiri ndi ya kutentha komanso ya ku yunivesite, mphindi ndi sekondi ndi za nthawi. N'chifukwa chake mawu akuti "ya ngodya" asasiyidwe ngakhale kamodzi. Mwezi wathunthu umatenga pafupifupi theka la digiri, ndiwo masekondi a ngodya 1,800. Diso labwino limalekanitsa zinthu zotalikirana masekondi a ngodya pafupifupi 60. Telesikopu ya Hubble imafika pa 0.05. Gulu la Kovalev lidafika pa magawo 26 mwa magawo 1 miliyoni a sekondi imodzi ya ngodya, kuthwa kuposa Hubble pafupifupi ka 2,000.

Nambala yotere imafuna chifanizo. Mu 2019 akatswiri a Event Horizon Telescope adayerekeza mphamvu ya chida chawo ndi kuwerenga nyuzipepala ya ku New York munthu ali ku Paris. Chifanizocho chimathandiza wodziwa kutalikirana kwa mizinda iwiriyo. Wolemba Chichewa ali ndi ufulu wosankha china, malinga awerengere asadalembe. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo pa mtunda umenewo ngodya imene gulu la Kovalev lidafikapo ikufanana ndi chinthu cha masentimita 5. Ndiye kuti n'chimodzimodzi kuona utali wa bokosi la machesi lili pa mwezi. Chifanizo chosankhidwa popanda masamu ndi nambala yabodza yovala zokongola.

5.0 Matelesikopu Olunzanitsidwa

Mphamvu yolekanitsa imadalira zinthu ziwiri: kukula kwa dishi ndi utali wa funde. Funde likatalika mphamvu imachepa. Dishi ikakula mphamvu imakula. Popeza mafunde a wayilesi ngaatali kwambiri, ngakhale dishi ya mamita 100 ya ku Effelsberg ku Germany, ikamalandira mafunde a masentimita 18, imalekanitsa zinthu moperewera poyerekeza ndi diso la munthu. Kumanga dishi ya makilomita ambiri n'kosatheka. Akatswiri adapeza njira ina: madishi awiri otalikirana akaloza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo zimene alandira zikaphatikizidwa, amalekanitsa zinthu ngati dishi imodzi yaikulu ngati mtunda wa pakati pawo. Mu 1967 magulu a ku Canada ndi ku America adasonyeza kuti madishiwo safunika kulumikizidwa ndi nthambo. Dishi iliyonse imasunga zimene yalandira pamodzi ndi nthawi yochokera ku wotchi ya atomu, ndipo pambuyo pake kompyuta imazifananitsa.

Njirayi m'Chingerezi imatchedwa "interferometry", kuchokera ku "interference". Womasulira liwu ndi liwu amafika pa "kusokoneza" kapena "kulowerera", ngati kuti mafunde ndi munthu wolowerera za eni. Chimene chikunenedwa chimaoneka pa dziwe mukaponyedwa miyala iwiri: pamene nsonga za mafunde zakumana madzi amakwera kwambiri, ndipo pamene nsonga yakumana ndi chigwa madzi amaphwa. Kumeneku ndi "kukumana kwa mafunde", ndipo njira yonseyo ingatchedwe "kulunzanitsa matelesikopu".

Madishi a pansi pano sangatalikirane kuposa kukula kwa dziko lapansi, makilomita pafupifupi 12,700. Pofuna kudumpha malire amenewa, Japan idatumiza kuthambo telesikopu ya HALCA mu 1997, ndipo pa 18 Julayi 2011 Russia idatumiza Spektr-R kuchokera ku Baikonur ku Kazakhstan. Dishi yake idali ya mamita 10, ndipo njira yake yozungulira dziko inkafika pafupi ndi mtunda wa ku mwezi. Ntchito yonseyo inkatchedwa RadioAstron. Poyang'ana 3C 273, Spektr-R idalunzanitsidwa ndi madishi a ku Effelsberg, Green Bank, Arecibo ndi a Very Large Array ku New Mexico, ndipo mtunda wa pakati udafika makilomita 171,000, kukula kwa dziko lapansi kuwirikiza ka 13.

Apa ndi pamene mutu wa nkhani wakuti "Amanga telesikopu yaikulu kuposa dziko" umakopa mkonzi. Telesikopu yotero sidamangidwe. Madishi olunzanitsidwa amafanana ndi dishi yaikuluyo pa kalekanitsidwe pokha. Pa kuchuluka kwa mafunde olandiridwa, mabeseni awiri oikidwa pa mvula, lina ku Nsanje lina ku Chitipa, amatunga madzi a mabeseni awiri basi. N'chifukwa chake njirayi imayenda pa zinthu zowala kwambiri ndi zothinana, monga pakati pa kwezala. Mkonzi wosindikizanso nkhani yakale asamalenso nthawi ya aneni: Spektr-R idasiya kumvera oiyendetsa mu Januwale 2019, ndipo dishi ya mamita 305 ya ku Arecibo idagwa mu Disembala 2020.

6.0 Mtunda, Manambala ndi Nthawi ya Mneni

Mawu akuti "chaka cha kuwala" akumveka ngati nthawi, chonsecho ndi mtunda: ndi pamene kuwala kumafika kukayenda chaka chathunthu, makilomita pafupifupi 9.5 thiriliyoni. Vutoli lili m'Chingerezi momwe, koma Chichewa chingalichepetse poika liwu lakuti "mtunda" patsogolo nthawi zonse. Mtunda umene umatchulidwa kawirikawiri wa 3C 273 ndi wa zaka za kuwala 2.4 biliyoni, ndipo kagawo kamene RadioAstron idapima kadali ka mtunda wa miyezi ya kuwala 2.7 yokha. Manambala awiriwa akaikidwa pamodzi, wophunzira amaona kukula kwa ntchitoyo popanda mfotokozi wina aliyense.

Mawu ngati "miyandamiyanda" ndi "zankhaninkhani" amakometsa ndakatulo, koma sawerengeka. Akagwiritsidwa ntchito pa miliyoni, pa biliyoni ndi pa thiriliyoni pomwe, amafafaniza kusiyana kumene ndiko nkhani yonse. Miliyoni, biliyoni ndi thiriliyoni alembedwe m'kalembedwe ka Chichewa, ndipo buku la sukulu lisonyeze ziro zake kamodzi. Mfotokozi wakuti "yakutali" nayenso asakokomezedwe. Pakati pa makwezala, 3C 273 ili m'gulu la apafupi, ndipo ndiyo imaoneka yowala kuposa onse. Pali ena amene kuwala kwawo kwayenda zaka zoposa 13 biliyoni. Wolemba kuti ndi "chinthu chakutali kuposa zonse" wanena bodza.

Kuwala kwa 3C 273 kumene kukufika lero kudanyamuka zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo. Molondola, mneni woyenera akadakhala "inkawala". Akatswiri adazolowera kuyankhula ngati zikuchitika tsopano, ndipo wolemba Chichewa angatsate mwambo umenewo, malinga anene kamodzi kuti chimene chikuoneka ndi chakale.

Palinso mawu akuti "gulu la nyenyezi", amene amatha kuimira zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Nyenyezi zimene zimaoneka zoyandikana n'kupanga chithunzi, monga Virgo, ndi gulu la m'maso chabe. Mlalang'amba ndi khamu lenileni la nyenyezi mabiliyoni ambiri zogwirana ndi mphamvu yokoka. Liwu lachikale lakuti Mlalang'amba likhale ndi lembo lalikulu ponena za umene muli dzuwa, ndi laling'ono ponena za ina. Ndipo pamene Chingerezi chikuti 3C 273 ili "in Virgo", Chichewa chili ndi mwayi wa pa-, ku- ndi mu-. Kwezalayi sili "mu Virgo". Imaoneka "cha ku Virgo", kuseri kwenikweni kwa nyenyezi zimenezo.

7.0 Dzenje, Jeti ndi Liwiro

Masiku ano zikudziwika kuti kwezala ndi pakati powala pa mlalang'amba wakutali. Pakatipo pali chinthu chothinana kwambiri chimene mphamvu yake yokoka siilola ngakhale kuwala kutulukamo. Cha mu 3C 273 chimalemera ngati madzuwa mamiliyoni mazanamazana. Mawu akuti "dzenje lakuda" akutsata Chingerezi, koma dzenje la Chichewa limakumbidwa pansi ndipo m'kati mwake mulibe kanthu, pamene chinthu ichi n'chodzaza kopitirira muyeso. Pano kupeka liwu kungathandize. "Chimezakuwala", lopangidwa monga "chiphadzuwa", likunena chimene chinthucho chimachita, ndipo ndi loyenera kuyesedwa m'kalasi. Liwu lililonse limene lingasankhidwe, mphunzitsi ayankhe funso limene wophunzira wanzeru adzafunse: chomeza kuwala chingawale bwanji? Kuwalako kumachokera ku mpweya umene ukuzungulira kunja kwake, umene umatentha kwambiri pokhuzana usadagweremo.

Mbali ina ya mpweyawo simezedwa. Imaponyedwa kunja m'mzere wopyapyala pa liwiro loyandikira la kuwala. Umenewu ndi kamzere kaja kadaoneka pambali pa 3C 273. Chingerezi chimati "jet", koma "jeti" m'Chichewa ndi ndege. Chifanizo choyenera ndi madzi otumphuka pa paipi yobooka, ndipo "mtumphuko" lingagwire ntchito.

M'mtumphukomo muli msampha wina. Mu 1971 akatswiri olunzanitsa matelesikopu adaona timibulu ta mu 3C 273 ndi 3C 279 tikutalikirana pa liwiro looneka ngati loposa la kuwala kangapo. Martin Rees adali atalosera zimenezi mu 1966. Kabulu kothamangira cha kumene kuli woonayo kamatsata kuwala kwake komwe pafupipafupi. Kali ngati munthu wa paulendo amene akulemba makalata kwa amene akukawachezera, iye akuyenda pambuyo penipeni pa wonyamula makalatawo: makalata olembedwa motalikirana sabata amafika motsatana masiku, ndipo wolandira amayesa kuti ulendo wayenda mofulumira kuposa mmene wayendera. Palibe chimene chidaposa liwiro la kuwala. Womasulira akataya mawu akuti "looneka ngati", amaphunzitsa chimene sayansi imakana.

8.0 Kutentha Kumene Sikupimidwa ndi Chopimira Kutentha

Chodabwitsa cha 2016 chidali nambala ya madigiri oposa 10 thiriliyoni. Pakati pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, kotero mutu wakuti "Apeza malo otentha kuposa onse" umadzilemba wokha. Koma muyeso umene akatswiriwo adagwiritsa ntchito, wotchedwa "brightness temperature", ndi njira yonenera kuwala. Umanena kutentha kumene chinthu chikadafunika kukhala nako kuti chiwale chomwecho, chikadakhala kuti chikuwala chifukwa cha kutentha ngati chitsulo cha pa moto. Mafunde a mu kwezala amatuluka mwa njira ina: timaelekitironi tothamanga kwambiri timazungulira m'mphamvu ya maginito.

Mu 1969 Kenneth Kellermann ndi Ivan Pauliny-Toth adawerengera kuti muyeso umenewu uli ndi malire, pafupifupi madigiri 1 thiriliyoni, chifukwa ukapitirira pamenepo timaelekitironi timataya mphamvu mofulumira pogundana ndi kuwala kumene tatulutsa. Mtumphuko woloza cha kuno umaoneka wowala kuposa mmene ulili, ndipo zimenezi zimakweza malirewo. Koma gulu la Kovalev lidanena kuti liwiro lopimidwa la mtumphuko wa 3C 273 silikwanira kufotokoza nambala imene lidapeza. Nkhani yeniyeni, choncho, idali yakuti chiphunzitso cha zaka pafupifupi 50 chikufunika kuunikidwanso. Mawu oyenera m'Chichewa ndi "kutentha koyerekezera kuwala", ndipo mneni wakuti "kuyerekezera" asadulidwe pofuna kufupikitsa mutu.

9.0 Liwu Lakuti "Ngati"

Zitsanzo zonsezi zikukumana pa liwu limodzi laling'ono. Kwezala imaoneka ngati nyenyezi. Madishi olunzanitsidwa amalekanitsa ngati dishi imodzi. Kabulu kamaoneka ngati kaposa liwiro la kuwala. Pakati pa 3C 273 pamawala ngati chinthu cha madigiri 10 thiriliyoni. Katswiri wa zakuthambo sangakhudze chimene akupima. Amawerengera kuchokera pa maonekedwe, ndipo mawu ake amasunga mpata pakati pa chooneka ndi chenicheni. Mkonzi wofuna kupulumutsa malo amayamba wadula "ngati", "pafupifupi" ndi "kuoneka", poganiza kuti ndi mawu odzazira. M'nkhani za sayansi amenewa ndiwo mizati, ndipo akachotsedwa chiganizo choona chimasanduka chabodza ngakhale mawu ena onse ali olondola.

Pa njira zitatu zija palibe imene ingapambane ponseponse. Kubwereka kwathandiza pa "kwezala" ndi "dishi". Kupanga liwu kuchokera pa tsinde la Chichewa kwathandiza pa "kalekanitsidwe". Kufotokoza ndi mawu angapo kwathandiza pa "kutentha koyerekezera kuwala". Kumasulira liwu ndi liwu kwalephera pafupifupi paliponse. Mawu otsatirawa aperekedwa kuti alembi, akonzi ndi aphunzitsi awayese:

quasar: kwezala, makwezala
radio waves: mafunde a wayilesi
radio telescope: telesikopu ya mafunde a wayilesi
resolution: kalekanitsidwe
arcsecond: sekondi ya ngodya
interferometry: kulunzanitsa matelesikopu
baseline: mtunda wa pakati
light-year: mtunda wa chaka cha kuwala
black hole: chimezakuwala
jet: mtumphuko
brightness temperature: kutentha koyerekezera kuwala

10.0 Mawu Omaliza

Sayansi imeneyi yafika kale m'chigawo chino cha Africa. Dishi ya mamita 26 ya ku Hartebeesthoek ku South Africa yakhala ikulunzanitsidwa ndi matelesikopu a maiko ena kwa zaka zambiri, madishi 64 a MeerKAT adatsegulidwa ku Karoo mu 2018, ndipo Zambia ndi Mozambique, kumene kuli anthu ambiri oyankhula Chinyanja, zili m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Africa amene adasankhidwa kugwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array. Mawu osankhidwa ku Zomba akasiyana ndi osankhidwa ku Chipata kapena ku Tete, buku lolembedwa mbali ina ya malire lidzasokoneza wophunzira wa mbali inayo. Mpofunika kuti akatswiri a chiyankhulo a maiko atatuwa azikambirana mawu otere asadalowe m'mabuku, ndiponso kuti pa zokambiranazo pazikhala mphunzitsi wa sayansi wofotokoza chinthucho liwu lisadasankhidwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Liwu lililonse la pa mndandanda uli pamwambawu liyesedwe pa ophunzira: akalimva, anene chimene aganiza, ndipo limene lawasokeretsa lichotsedwe mosanyinyirika.